Kwathu kulibe mapolo, faiba kulibenso: wolakwa ndi khonsolo kapena kampani?

Bambo a Tadala:
Akuluakulu, ndithandizeni maganizo, mwina pagulu pano alipo amene anadutsamo. Dera lomwe ndimakhala ndi lija lopanda mapolo. Magetsi, madzi, mawaya akale a foni, zonse anakwirira pansi pomwe ankamanga nyumbazi. Titasamukira kuno tinkanyadira, kumwamba kuli mbee, mphepo ikawomba magetsi sathima chifukwa cha nthambi. Tsopano taonani. Kutsidya kwa msewu waukulu, komwe mawaya ali lendelende ngati ukonde wa kangaude, kampani ya faiba, chingwe cha galasi chobweretsa intaneti yothamanga, inalumikiza aliyense m'milungu yowerengeka. Ife kuno chaka chachiwiri chikutha. Ndikaimba kukampani akuti khonsolo ya mzinda yakana chilolezo chokumba. Ndikapita kukhonsolo akuti kampaniyo sinabweretse mapepala okwanira, komanso msewu wathu anathira phula latsopano chaka chatha, ndiye saloleza kuudula. Wabodza ndani apa? Kachingwe kochepa ngati tsitsi kangavute chonchi?

Kamdothi:
Chikomekome cha mkuyu madala, m'kati muli nyerere kkkk. Si inu munkatiseka ife a kumawaya?

Bambo a Tadala:
Seka mphwanga, lero ndi tsiku lako.

Che Waya:
Achimwene, ntchito yanga ndi imeneyi, ndakoka ndi kulumikiza faiba zaka zambiri ndithu, ndiye ndikuuzeni mosapsatira. Palibe amene wakunamizani, kungoti aliyense wakuuzani mbali yomukomera. Chingwecho si vuto. Galasi lomwe kuwala kumadutsamo n'lopyapyala ngati tsitsi monga mwaneneramo, ndipo pa ndalama zonse za ntchitoyi chingwe ndiye chotchipa. Chodula ndi nthaka. European Commission, bungwe loyendetsa mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya, inawerengera kuti kukumba ndi kukwirira kumatha kudya mpaka 80 peresenti ya ndalama zonse zofikitsira intaneti yothamanga kwa anthu. Pamapolo nkhani ndi ina. Mwapangana ndi mwini mapolo, mwalipira lendi, mwakwera makwerero, mwamangirira, mwapita. Njira ilipo kale m'mwambamo. Pansi njira mumachita kuipanga nokha, mita ndi mita, ndipo mita iliyonse ili ndi mwini wake. Ndiye kampani ikayala mapu a mzinda patebulo imayambira kumapolo kuti ndalama zibwere msanga, a pansi inu idzakuonani ikapeza mpata. Chilolezo chikangovuta pang'ono, kwa iwo ndi mpumulo, apeza ponamizira.

Nachisale:
Ndalowa mochedwa koma mwandiputa. Ine ndinagwira kudipatimenti ya misewu mu khonsolo ina mpaka kupuma, ndipo madandaulo ngati anuwa, bambo a Tadala, ndawamva ambiri pawindo. Lamulo loletsa kudula msewu watsopano si nkhanza ayi. Phula likathiridwa limakhala chinthu chimodzi, madzi amangotsetsereka pamwamba. Mukalidula, wokonzayo akhale katswiri chotani, pamatsala msoko. Madzi amalowera pamsokopo, dothi la pansi limafewa, magalimoto olemera amapondapo, ikagwa mvula ya zaka ziwiri zitatu mwaona dzenje. Nthawi imeneyo kontrakitala uja anapita kalekale, mwinanso kampani yake inatha. Wotukwanidwa ndi khonsolo, wolipira ndi inu nomwe kudzera m'misonkho. N'chifukwa chake mizinda yambiri ili nalo lamuloli. Ku San Francisco, mzinda wa ku America, saloleza kukumba msewu wothiridwa kumene kwa zaka 5, kupatula pakagwa ngozi kapena pakakhala chifukwa chapadera. Ku England kuli lamulo la 1991 la ntchito za mumsewu, ndime 58 ndiyo imapatsa khonsolo mphamvu yomweyi. Chomwe anthu sadziwa n'chakuti tisanathire phula tinkalembera makampani onse kuti tikubwera mumsewu wakutiwakuti, amene ali ndi chokwirira akwiriretu. Ambiri sankayankha n'komwe. Phula likangouma, ndi awo atulukira ndi mafomu m'manja.

Bambo a Tadala:
Amayi, ndamva ndipo zikumveka. Koma kalata imeneyo ife eni dera sitinaione. Tikanadziwa tikanaikakamiza kampaniyo kuti ibwere phula lisanathiridwe.

Nachisale:
Apo ndiye sindikutsutsani. Makalatawo amayenda kuchoka ofesi kupita ofesi, anthu amangodzidzimuka ndi phokoso la makina pakhomo. Kumeneko kunali kulakwa kwathu.

Dalitso:
Funso la umbuli pang'ono. Bambo a Tadala akuti mawaya akale a foni ali kale pansi. Bwanji osangolowetsa faiba momwe munadutsa mawayawo? Kukumbanso n'kwa chiyani?

Che Waya:
Si umbuli aise, ifenso tikafika pamalo funso loyamba ndi lomwelo. Yankho lili pa zomwe omanga anachita zaka 30 kapena 40 zapitazo. Ena anayala paipi, ya pulasitiki kapena yadothi yowotcha, waya n'kudutsa m'kati. Pamenepo ndi chikondwerero. Timatsegula chivundikiro, timalowetsa ndodo yopindika ija, ikatulukira kuchivundikiro chinacho timamangirira chingwe n'kukoka, kapena timachita kuchiuzira ndi mpweya wa kompuresa. Khasu silikhudza nthaka. Koma omanga ambiri ankapulumutsa ndalama, waya wa kopa ankangomuponya m'ngalande n'kukwirira, popanda paipi. Ameneyo sungamusolole, sungadutsitsenso china pambali pake. N'chifukwa chake dera looneka lamakono limatha kuvuta kuposa lakalekale.

Ndipo paipi ikapezeka musaombe m'manja msanga. Ina inaphwanyika tsiku lomwe lole ya mchenga inaponda pamenepo aneba akumanga mpanda. Ina yadzaza matope. Ina mizu ya mtengo inalowamo n'kumangamo mudzi. Ndodo imayenda mamita 40 n'kuima njii, ndiye muyenera kukumba pomwe yaimapo, ndipo kukumba pamenepo kukufunanso chilolezo chomwe chija. Chomaliza, paipiyo ili ndi mwini, nthawi zambiri kampani yakale ya mafoni. Ndani angatsegulire yekha chitseko munthu amene akubwera kudzamulanda makasitomala?

Tiyanjane:
Pamenepo ndi pomwe pamafunika boma, khonsolo payokha singathe. Mayiko ambiri omwe anathamanga ndi faiba anachita chinthu chimodzi, kukakamiza kampani yakale kubwereketsa mapaipi ake pamtengo woikidwa ndi bungwe loyang'anira. Portugal inayamba m'zaka za m'ma 2000, Spain inatsatira ndi mapaipi a kampani yake yakale ya mafoni, Telefónica, ndipo lero mayiko awiriwa ali m'gulu la otsogola ku Ulaya pa nyumba zomwe faiba inafika. Ku Britain, bungwe loyang'anira la Ofcom linalamula Openreach, kampani yosamalira mawaya akale a mafoni, kutsegula mapaipi ndi mapolo ake mu 2011, koma zoletsa zinali mbwee moti ochepa okha ndiwo ankalowamo, mpaka anazimasula mu 2019. Kuchokera apo timakampani tating'ono ta faiba tinachulukana. Ndiye yang'anani Germany. Mu 1981 boma la Helmut Schmidt linagwirizana zokonzekera faiba dziko lonse, koma la Helmut Kohl litalowa linatembenukira ku mawaya a kopa a TV. Dziko lolemera chonchija, mpaka lero akukumbabe.

Kamdothi:
Koma akulu, pali njira ija ndinaiona pa YouTube. Makina okhala ndi sowo yaikulu amacheka kamzere kakang'ono m'mphepete mwa msewu, aika chingwe, athira phala lakuda, madzulo magalimoto akudutsa ngati sipanachitike kanthu. Amati microtrenching. Khonsolo ikukaniranji zimenezo? Kapena ikudikira kaye kangachepe kkkk

Nachisale:
Mwana iwe, si chilichonse chochedwa chomwe chili ndi envelopu kumbuyo. Kafufuze za mzinda wa Louisville ku America. Google Fiber inafuna kuthamanga, inakwirira zingwe mozama mainchesi awiri okha, ngati masentimita 5. Phala lotsekera lija linayamba kutuluka, zingwe n'kumaonekera pamsewu, matayala n'kumaziponda. Mu February 2019 analengeza kuti akuchoka mumzindamo, mu April anazimitsa zonse, ndipo anavomera kulipira mzindawo madola 3.84 miliyoni kuti zingwe zichotsedwe ndi misewu ikonzedwe. Imeneyo ndi kampani yoti ndalama ili nazo. Tsopano taganiza kakampani kongoyamba kumene kakusiyira zoterezi n'kutseka ofesi, ukakalipiritsa kuti? Komanso usaiwale kuti msewu ukakalamba timabwera ndi makina opala pamwamba tisanathire phula lina. Chingwe chili pamwambamwamba chimadyedwa limodzi ndi phula lakalelo, ndiye dera lonse intaneti zii, mlandu n'kukhalanso wa khonsolo.

Che Waya:
Amayi, ndikupatsani ulemu koma apa tisiyana. Nkhani ya Louisville ndaimva m'maofesi a khonsolo kosawerengeka, ndipo nthawi zonse imanenedwa ngati chotsekera pakamwa. Zomwe anachita kujaku kunali kukanda chabe, osati kukumba. Ikachitidwa bwino njirayi imazama kwambiri. California inakhazikitsa lamulo mu 2021, SB 378, lomwe limati kangalandeko kasapitirire mainchesi 4 m'lifupi, kuzama kukhale pakati pa mainchesi 12 ndi 26, ndiye kuti kuyambira masentimita 30 mpaka 66, ndipo mzinda uyenera kuloleza pokhapokha utalemba chifukwa chenicheni chokhudza chitetezo cha anthu. Germany nayo inatulutsa muyezo wake mu 2023, DIN 18220, kuti khonsolo iliyonse isamangonena zake. Chomwe ife timapempha si kutilekerera. Tiuzeni kuzama kwake, tiuzeni chothiramo, tiuzeni kuti tikhala ndi udindo pamsokopo zaka zingati, tisiye ndalama ya chikole. Koma kukana basi chifukwa wina anapsa kwina, ndiye kuti simudzayatsanso moto?

Nachisale:
Ikakhala ndi chikole komanso mapu osonyeza pomwe mwadutsa, ine ndikanasaina. Vuto mapuwo simubweretsa mukamaliza.

Che Waya:
Kkkk apo ndagonja. Ofesi imalonjeza, ife a m'ngalande sitidziwa komwe amathera.

Anaphiri:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Nonse mukukamba za msewu wa magalimoto, palibe amene wanena za njira ya oyenda pansi, chonsecho khonsolo ikakana msewu onse amathamangira komweko. Ine ndimayendera wilutcheya. Atabwera kudzakumba kwathu anazula timiyala ta m'njira, anaunjika dothi, anazinga ndi tepi, n'kusowa milungu itatu. Kwa inu ndi kungolumpha. Kwa ine ndi kutsikira mumsewu pakati pa magalimoto kapena kukhala m'nyumba. Atabwerera anakwirira mwachisawawa, pano pali kachitunda komwe ndimachita kupempha munthu kuti andikankhe. Kenako anaimika bokosi lawo lalikulu lija pakati penipeni pa njira. Faibayo ndimaifuna, ndipo ndikulemba izi ndi yomweyo. Koma wina akamati malamulo a khonsolo ndi ongochedwetsa, akumbukire kuti ena mwa malamulowo ndi amene amati musiye mpata wodutsa, muike thabwa pangalande, mutseke pasanathe masiku akuti. Kwathu vuto silinali kuchuluka kwa malamulo, linali kusowa kwa munthu wodzaona ngati akutsatidwa.

Bambo a Tadala:
Pepani achemwali, kunena zoona izi sindinaziganizirepo n'komwe. Mtima unangokhala pa intaneti.

Anaphiri:
Palibe kanthu achimwene. Muganizirenso za mizu ya mitengo. Mizu yambiri ya mtengo imakhala pamwamba, siizama kwambiri monga anthu amaganizira. Sowo ija ikadutsa pafupi ndi tsinde imadula mizu ya mbali yonse. Mtengo suuma lero, umauma patapita zaka, kapena umagwa ndi mphepo, ndipo palibe amene amakumbukira kuti pamenepo panadutsa faiba.

Dalitso:
Nanga makina aja obowola pansi osatsegula pamwamba? Amaloweza ndodo apa n'kukatulukira uko. Si ndiye yankho la zonsezi, msewu, njira ndi mitengo yomwe?

Che Waya:
Ndi abwino, ndipo pansi pa mitengo ndi podutsa msewu timagwiritsa ntchito amenewo. Koma kumbukira kuti woyendetsa makinawo sakuona komwe akupita. Ali ndi kachipangizo komuuza pomwe pali mutu wa chobowolera ndi kuzama kwake, koma sikamuuza kuti kutsogolo kuli chiyani. Ndipo dera ngati la bambo a Tadala, komwe zonse zili pansi, ndiye kodzaza kwambiri. Magetsi, madzi, suweji, gasi komwe kuli gasi, ngalande za madzi amvula, mawaya a magetsi a mumsewu, zonse zapanikizana m'kampata kamodzi.

Ku America usanakumbe umaimba 811, eni mapaipi amabwera kudzalemba pansi ndi utoto. Wofiira ndi magetsi, wachikasu gasi, wa olenji mafoni ndi intaneti, wa buluu madzi akumwa, wobiriwira suweji, woyera ndi pomwe iwe ukufuna kukumba. Dongosolo labwino, koma olembawo amadalira mapu ndi makina ofufuzira. Paipi yachitsulo makina amaimva. Ya pulasitiki yopanda kawaya kolondolera saimva. Mapu nawo amasonyeza pomwe paipi inayenera kudutsa, osati pomwe inadutsadi, chifukwa wokumba wa nthawi imeneyo atakumana ndi mwala anakhota osauza munthu.

Ine zinandionekerapo. Mapu akuti paipi ya madzi ili tsidya lina la msewu, utoto wa buluu uli tsidya lomwelo, ife tikubowola mbali ino mtima uli m'malo. Tinangomva phuu, madzi kuthovoka kupitirira denga la galimoto yathu. Nyumba zonse za mumsewumo zinagona opanda madzi, ndipo tsiku limenelo ndinadziwa mayina anga ena omwe makolo sanandipatse. Amenewo ndi madzi, mumanyowa n'kulipira. Magetsi amapha pomwepo. Choopsa china n'chobowola paipi ya suweji osadziwa, chingwe n'kudutsa pakati pake. Palibe chimaoneka, mpaka miyezi ingapo chimbudzi cha munthu chitatsekeka, pulambala n'kulowetsa makina ake odula n'kudula chomwe chatsekacho. Chikakhala faiba, intaneti yathima. Ikakhala paipi ya gasi yomwe inadutsa chimodzimodzi, nyumba zaphulikapo. N'chifukwa chake khonsolo zina zimafuna tikumbe kadzenje koonera paliponse pomwe tidutsana ndi paipi ya wina, ndi maso tione. Kumachedwetsa koopsa, koma limenelo ndi lamulo lomwe sindidandaula nalo.

Kamdothi:
Safunsa anadya phula. Apa ndiye phula lenileni la mumsewu kkkk

Tiyanjane:
Tisawayeretse kwambiri a khonsolo, amayi Nachisale andikhululukire. Pali malamulo oteteza anthu ngati omwe anena Che Waya ndi Anaphiri, ndiye pali ena omwe ndi msonkho wovala chipewa. Ku Nigeria anagwirizana kuti chilolezo chodutsitsa faiba chizikhala 145 naira pa mita, koma maboma a zigawo ena ankalipiritsa masauzande. Chigawo cha Ekiti chinali pa 4,500 naira pa mita mpaka chinatsitsa kufika pa 145 mu 2020. Mtengo ukakhala wotero kampani siikangana nanu, imangopita kwina, ndipo ndalama yomwe mumayembekezerayo simuiona, faiba simuionanso.

Ku South Africa nkhani inafika mpaka ku Constitutional Court, khothi lalikulu kwambiri m'dzikomo. Kampani ya Link Africa inkafuna kudutsitsa faiba m'mapaipi a suweji a mzinda wa Tshwane, mzinda unakana. Mu 2015 khothi linagamula kuti malinga ndi ndime 22 ya Electronic Communications Act, kampani yokhala ndi laisensi siyenera kudikira kuti mwini malo avomere, ngakhale iyenera kudziwitsa, kukambirana za kagwiridwe ka ntchito ndi kulipira chipukuta misozi pomwe paonongeka. Za suwejizo musadabwe nazo, ku Paris faiba yambiri inadutsa m'ngalande za suweji za m'zaka za m'ma 1800 zomwe munthu amayendamo choimirira.

China ndi nthawi. Lamulo la European Union la 2014 linati pempho la chilolezo liyankhidwe pasanathe miyezi inayi. La 2024 linafika ponena kuti nthawiyo ikatha ofesi ili chete, chilolezo chitengedwe ngati chaperekedwa, ngakhale mayiko anapatsidwa mpata wosankha njira ina. Kampani imatha kupirira yankho loti ayi, imasintha mapulani. Chomwe siipirira ndi kusayankhidwa, antchito ndi makina a hayala zili pompo kudikira.

Nachisale:
Palibe chokhululukira mwanangu, wanena zoona. Kwathu pempho limodzi linkadutsa kumisewu, kumadzi, kwa oona za mitengo, kwa oyendetsa magalimoto mumzinda, kwa owerengera ndalama, kenako kukomiti yomwe inkakumana kamodzi pamwezi. Aliyense anali ndi fomu yake, ndipo fomu ya uyu inkafuna siginecha ya uja. Munthu mmodzi akapita kutchuthi, fayilo imagona patebulo mpaka abwere. Panalibe woipa mtima, koma panalibenso amene ntchito yake inali kuonetsetsa kuti fayiloyo yatuluka.

Koma chomwe chimandipweteka mpaka lero si mafomu. Ndi ngalande zomwe tinatsegula n'kutseka zopanda kanthu. Tinkakumba msewu wonse posintha mapaipi a madzi, ngalande yozama kuposa munthu, yotsegula miyezi. Kuponyamo paipi ya pulasitiki yopanda kanthu, ndi kachingwe kokokera m'kati, mtengo wake ndi wochepa zedi poyerekeza ndi kukumbako. Ndinazinenapo mumsonkhano, anandiyankha kuti bajeti ndi ya madzi, paipi imeneyo ilipiridwa ndi gawo liti la bajeti? Patapita zaka zitatu makampani awiri anabwera, aliyense kufuna ngalande yakeyake mumsewu womwewo.

Tiyanjane:
Chimenecho ndi chomwe amachitcha dig once, kukumba kamodzi. Ndipo si nzeru yatsopano. New York inaphunzira ndi chipale chofewa cha mu March 1888 chomwe chinagwetsa mapolo ndi mawaya mumzinda. Mu 1891 kunakhazikitsidwa kampani ya Empire City Subway, ntchito yake kumanga ndi kubwereketsa mapaipi a pansi ku Manhattan ndi ku Bronx, ndipo mpaka lero makampani amadutsitsa faiba mmenemo. Stockholm inachita zoposa. Mu 1994 mzindawo unakhazikitsa kampani yakeyake, Stokab, yomwe imayala faiba n'kumabwereketsa kwa aliyense mofanana, iyo osagulitsa intaneti kwa anthu. Makampani oposa 100 amapikisana pa zingwe zomwezo, msewu osakumbidwa kambirimbiri.

Dalitso:
Koma zimenezo zimafuna khonsolo yoyenda bwino. Ikakhala ija yolephera kutola zinyalala, muipatsenso faiba?

Tiyanjane:
Siikufunika kuyendetsa intaneti. Ingokhala ndi paipi ndi buku lolemba kuti paipiyo ili pati. Koma ndikuvomera, bukulo ndi lomwe limasowa.

Kamdothi:
Madala a Tadala, bwanji osangogula Starlink, intaneti ya setilaiti ija, n'kuiwala zonsezi? Kumwamba kulibe khonsolo.

Bambo a Tadala:
Ndinaganizapo mphwanga. Koma kuseri kwa nyumba kuli mitengo italiitali, ndipo kambale kaja kamafuna kuona thambo lonse. Komanso ntchito yanga ndi yotumiza mafayilo akuluakulu, pamenepo faiba ilibe mnzake. Pakadali pano ndikukhalira rauta ya 5G yomwe madzulo aliyense akaweruka imayenda ngati nkhono.

Dalitso:
Nanga osangopempha aimike mapolo? Vuto latha.

Che Waya:
Yesa kunena zimenezo pamsonkhano wa eni nyumba uone. Ku England lamulo limalola makampani kuimika mapolo popanda chilolezo chonse cha mapulani, amangodziwitsa. Atayamba kuwadzala m'madera omwe sanakhalepo ndi polo, anthu anakwiya, kufupi ndi mzinda wa Hull mu 2023 kunali zionetsero mumsewu. Mizinda ina lamulo lake n'loti dera lomwe zinthu zili pansi, chatsopano chilichonse chipitenso pansi. Anthu analipira kuti kumwamba kukhale koyera, sangalole.

Achimwene a Tadala, tsopano tikambe zanu. Pafoni musiye, mwaimba mokwanira. Lembani kalata kukhonsolo, mufunse zinthu izi ndipo ayankhe polemba. Kodi kampaniyo inaperekadi pempho, liti, ndipo linakanidwa pa chifukwa chanji? Chiletso cha msewu wanu chikutha liti? Kodi chikukhudza phula lokha, kapena ndi kapinga wa m'mphepete ndi njira ya oyenda pansi? Kodi kubowola pansi pa msewu osadula pamwamba n'kololedwa? Funso lachitatulo ndi lomwe limatsegula zitseko, chifukwa kawirikawiri chiletso chimathera pomwe pathera phula. Kukampani mufunse ngati anatumizapo munthu kudzayesa mapaipi akale ndi ndodo, kapena anangoona pakompyuta. Ndipo chonde musatsegule nokha chivundikiro chilichonse kuti muone, simudziwa chomwe chili mmenemo, mpweya wa m'maenje amenewo umakomola.

Nachisale:
Onjezerani khansala wa dera lanu pakalatayo. Kalata ya munthu mmodzi imagona m'thireyi. Yomwe khansala walandirako kope imayenda.

Tiyanjane:
Komanso musapite nokha. Ku Parkhurst, mu Johannesburg, mu 2014 eni nyumba anatopa kudikira, anadzisonkhanitsa n'kuitana makampani kuti apikisane. Vumatel, yomwe panthawiyo inali yongoyamba kumene, ndiyo inapambana, ndipo madera ena anatengera pomwepo. Kampani ikaona mndandanda wa nyumba zomwe zalonjeza kulipira, masamu a ngalande amasintha. Musaiwalenso gawo lomaliza, kuchoka mumsewu kufika pakhoma lanu. Pamenepo khonsolo ilibe mawu, ndi malo a mwini. Amene ali pa lendi afunika chilolezo cha landilodi, ndipo pomwe nyumba zingapo zimagawana njira imodzi yolowera, onse ayenera kusaina. Mmodzi akakana, a kumbuyo kwake onse atsala.

Bambo a Tadala:
Ndabweranso patatha milungu isanu, ndimati ndikuuzeni momwe zayendera. Khonsolo yayankha polemba. Che Waya munalosera. Chiletso ndi cha phula lokha, chatsala ndi zaka zinayi, koma m'mphepete mwa kapinga ndi kubowola pansi pa msewu n'zololedwa. Pempho lomwe kampani inapereka linali lodula phula basi, atakanidwa sanabwererenso. Titawaonetsa kalatayo anasintha mawu, akuti kudutsa m'mphepete n'kokwera mtengo chifukwa ndi momwe muli magetsi ndi madzi, ayenera kukumba malo ambiri ndi manja. Anatumiza anyamata awiri ndi ndodo ija. Theka la msewu paipi yakale ilipo ndipo ndi yabwino, theka linalo waya anangokwiriridwa. Ine ndili theka lachiwirilo, mwadziwa kale. Akuti nyumba 40 zikasaina abwera. Tili pa 27.

Kamdothi:
13 otsalawo ndi aja amati intaneti imaononga ana kkkk

Bambo a Tadala:
Ayi, ambiri ndi a lendi, eni nyumba sakuyankha mafoni. Koma chatsopano ndi bokosi logawira faiba kunyumba zathu. Malo okhawo omwe akuti lingakhale ndi pakona, pafupi ndi mpanda wa madala ena ake, ndipo iwo anenetsa kuti pakhomo pawo sipakhala chifiriji.

Anaphiri:
Musawakakamize polisunthira m'njira ya oyenda pansi, chonde. Funsani ngati lingalowe pansi.

Che Waya:
Lingathe. Faiba ya m'nyumba zambiri siifuna magetsi panjira, kachipangizo kogawira kuwala kunyumba iliyonse kamakwana m'kabokosi kokwiriridwa, pamwamba pongooneka chivundikiro. Amakonda loimirira chifukwa ndi losavuta kutsegula mvula ikamagwa, basi. Ndipo mukakumana nawo muwauze kuti pomwe akumba aike mapaipi awiri, ina ikhale yopanda kanthu. Akana, koma khonsolo ikhoza kuziika ngati mfundo ya chilolezo.

Nachisale:
Ikhoza, ngati wina waikumbutsa chilolezo chisanasainidwe. Bambo a Tadala, nditumizireni kumbali kalata ija, ndikuthandizeni kalembedwe ka yachiwiri.

Bambo a Tadala:
Ndatumiza amayi. Tikumana nawo Loweruka m'mawa, madala a pakona aja avomera kubwera.